Mgolo wa ku Chinamwali

Mgolo wa Che Kaisi suphika chakudya.
Umawira kuyambira mbandakucha kuseri kwa shedi,
m'kati muli thunthu la nthochi loduladula,
khonje, madzi a phulusa, ndi soda
amene anandisupula zala mwezi woyamba
mpaka makina a kubanki anakana chala changa.

Yanga n'kuvundula.
Mthiko wake ndi nthambi ya paini
yogula kwa mayi wotsika nayo m'phiri pamutu.
Ulusi umayamba wakana,
umagwirana ngati abale pamanda,
koma moto ukaunyengerera mpaka masana
umatayana, uwu uku, uwo uko.
Chotsala chimatafuna ndi chigayo
chimene tinagula chakufa ku Songani,
chimatafuna magetsi akatikumbukira,
n'kulavula phala lotuwa, loterera,
losati mtengo, losati pepala.

Lachitatu pamabwera matumba a m'maofesi:
mafomu, malisiti, mayeso okhwatchidwa ndi inki yofiira.
"Usawerenge, ng'amba," amatero Che Kaisi,
"wowerenga sadzaza mgolo."

Dzulo diso linatsogolera dzanja.
Kalata yachikasu, yodyeka ndi chiswe m'mphepete,
yotayipa pa makina ofooka chilembo chimodzi:
Wisikesi Likaomba, wocheka matabwa,
ntchito yanu yatha pakutha pa mwezi uno.

Bambo anga.

Utuchi m'tsitsi mwawo,
utomoni wa paini m'malaya osamva sopo,
ndi tsiku lija anafika dzuwa lili paliwombo
nakhala pakhonde osavula nsapato,
ife n'kumanong'onezana kuti kwagwanji.
Kalata yawoyawo sitinaione konse.
Mwina anayatsira fodya.
Iyi inali ya m'faelo,
yagona zaka makumi awiri ndi mphambu
kudikira ine.

Ndinaipinda, kuiponya m'thumba.
Ndinavundula, kuvundula.
Ndinaitulutsanso.
Kanayi ndinaing'amba, sinalire kuposa anzake.
M'madzi dzina linayamba kufufuma,
siginecha ya bwana inasanduka kautsi,
kenaka chigayo chinati khu khu khu,
osafunsa kuti wochotsa ndani, wochotsedwa ndani.

Lero tamiza sefa, tatukula, takhetsa madzi,
tafinya ndi jeke wa lole pakati pa matabwa.
Mapepala makumi asanu ndi limodzi ali pachingwe
moyang'anana ndi phiri,
kumene zitsa zachuluka kuposa mitengo.
Loweruka adzakwera ku Chawe,
alendo adzawasisita, adzati n'ngokongola.

Limodzi ndalipatula, Che Kaisi adula pa malipiro.
Pakona pake pali kachidutswa kokana kusungunuka,
mwendo wa chilembo, kaya k, kaya h,
kaya n'cha bambo, kaya n'cha lisiti ya parafini.
Asiyatu wanga walitenga kale.
Wagona chafufumimba pasimenti,
lilime panja, pensulo yotafuna m'manja,
akuti ndisaone
mpaka amalize.