Nafenso Tinkatsetsereka

Dzulo m'golosale ya Mazoni pa Dedza boma
kanema anaonetsa anthu a kudziko lachisanu,
matabwa kumapazi, ndodo ziwiri m'manja,
akutsika phiri loyera mbee ngati ufa woyanika pamphasa.
Anyamata anati, "Izi n'zakwawo."
Ine ndinasisita chipsera cha pabondo, osayankha.

Poyamba tinalibe kanthu, matako okha.
Mwezi wa Juni, masamba a paini atayala pansi,
unkakhala pamsonga pa chitunda, mnzako n'kukukankha,
fyuu! mpaka kukhwawa.
Kabudula wa sukulu ndiye ankalipira:
zibowo ziwiri ngati maso a kadzidzi,
madzulo mkwapulo.

Chaka chinacho tinaba thumba la feteleza.
Liwiro linalipo, koma silinkamva zokhota.
Likisho anapsompsona mtengo,
dzino lake lidakali komweko.
Kenako chigubu chong'amba pakati,
chinkazungulira ngati nguli,
wofika pansi ankayamba wasanza.

Jailosi, mwana wa mlonda wa kusomelo,
ndiye anatola matabwa awiri otayidwa.
Anawasongola kumutu, anawapala ndi phale la botolo,
anawapaka kandulo wotsala kutchalitchi,
n'kukhomera malamba a tayala.
Anati, "Okhala pansi khalani,
ine nditsika choimirira."
Anagwa kasanu n'kawiri. Tinkawerenga mokweza.

Woyamba kufika pansi osagwa anali Velina,
mlongo wake, yemwe tinkangomutenga
kuti azitiyang'anira a zankhalango.
Chitenje anachikwinya m'chiuno,
nsungwi ziwiri m'manja,
mpweya ukufuka m'kamwa ngati utsi,
anadutsa pakati pa mitengo osaikhudza
n'kuima pakhwawa, akukanda chigongono.
Sitinamuombere m'manja. Nsanje.
Mawa lake tonse tinalawirira kusomelo.

Lero chitundacho ndi mizere ya kachewere,
mitengo ija inapita pamalole.
Jailosi akukhoma mabokosi a maliro pa Linthipe,
matabwa amawapalabe bwino.
Velina ali ku Joni, foni amaimba pa Khrisimasi.
Palibe analemba chaka chake,
palibe anajambula.

Mazoni anasintha kanema, anaika mpira.
Ndinagula sopo ndi machesi, ndinatuluka.
Nkhungu inali itanyowetsa kamtunda ka kumsika,
dothi lofiira lili tere tere,
ndipo ine, bambo wa imvi, jumbo m'manja,
ndinangoona mawondo apinda okha.