Mbendera Yofiira

Pa Minga anandipatsa mbendera yofiira,
nsanza ya siketi yomangirira kunsungwi,
nati: iwe ukhale wotsiriza,
malole akakuona achepetse liwiro.
Choncho sabata yathunthu mtanda sindinauone bwino.
Unali kutsogolo uko, kadontho pamwamba pa mitu.
Ine ndinkaona zidendene.

Anthu makumi atatu ndi mmodzi,
ndinawadziwira kumbuyo:
Zelipa wa patapata wosoka ndi waya,
a katekisiti a Mtonga, malaya atamatira kumsana,
Dailesi atabereka mwana wosalankhula
amene ankandiyang'ana njira yonse
ngati ndinamudyera kanthu.

Nyimbo inkafika kwa ine itatopa.
Akutsogolo ali pa ndime yachiwiri
ife tidakali pa yoyamba,
ndipo pemphero la korona linkaduka pakati
lole ya simenti ikadutsa,
mphepo yake kutikankhira m'udzu wopserera.

Koma amene sindinamufune ndiye anandigwera.
Fakisoni Njobvu.
Chaka chadzana anagula thonje langa,
sikelo yake nidya makilo khumi ndi anayi ine ndikuona.
Ana anga anakhala pakhomo teremu yonse.
Lero ndiye wotsimphina wa gulu,
ndipo lamulo langa ndi limodzi:
osasiya munthu m'mbuyo.

Kuchoka pa Sinda mpaka pa Katete
sitinalankhulane.
Iye maso paphula, ine maso pankhongo pake,
mikanda ya korona ikuyenda m'zala zanga
koma ine ndikuwerenga makilo.

Tinagona m'kalasi, pansi pa bolodi
lodzaza masamu ochotsera.
Amayi a pamudzipo anabwera ndi mbatata yootcha
ndi beseni la madzi amchere loviikamo mapazi.
Pakati pa usiku ndinamumva akubuula,
atadziluma mkono kuti asadzutse anthu.
Ndinatembenukira kukhoma.

M'mawa, phiri la Mphangwe litatsala kumbuyo,
anakhala pakalavati navula nsapato.
Thuza ngati dzira la nkhanga.
Nyimbo inapitirira, inakhota, inazimirira.
Tinatsala awiri ndi ntchentche.

Ndinazula pini pambendera,
ndinaiotcha ndi machesi,
ndinanyamula phazi lija m'manja mwanga.
Linali lolemera.
Ndinadzifunsa: makilo angati?
Madzi anatuluka ofunda, nayenderera mpaka pachigongono.
Ndinang'amba m'mphepete mwa mbendera
n'kumanga pabalapo.
"Zikomo," anatero.
Za thonje sanatchule.
Inenso ayi.

Pa Mtenguleni anagula nzimbe imodzi,
anaithyola pabondo,
ya kutsinde, yotsekemerayo, anapatsa ine.
Tinatafuna tikuyenda,
zikoko zikugwa pambuyo pathu
ngati mawu amene tinalephera kunena.

Chipata anaoneka kutada,
magetsi atamwazika m'munsi mwa mapiri
ngati chimanga cha m'thumba lobooka.
Anyamata a njinga ankaimba belu:
kwerani abambo, mwendowo watha!
Fakisoni anaseka koyamba, napukusa mutu,
natsamira phewa langa osapempha.

Pa Msupadzi anthu anagwada, ena akulira.
Zelipa anavula patapata wake
nalowa chosavala.
Mwana wa Dailesi anali m'tulo.
Ine ndinafika wotsiriza, monga anandiuzira,
ndinawerenga mitu m'malo mwa zidendene:
makumi atatu ndi mmodzi.
Mbendera itafupika ndi chikhatho chimodzi.

Wansembe anati aliyense atule chimene wasenza.
Ndinafufuza mumtima makilo anga aja.
Alipo ndithu, ndisaname pamalo pano.
Koma sikelo ya m'katimu ikuloza asanu ndi anayi,
mwina asanu ndi atatu.
Ena anagwa penapake
pakati pa Katete ndi Mtenguleni,
m'udzu wa m'mbali mwa msewu,
ndipo miyendo yangayi
sikulola kuti ndibwerere kukawatola.