Chaka Chimene Nsungwi Zinachita Maluwa

Ndinabadwa chaka cha makoswe,
amatero anthu kwathu kuno ku mapiri a Mizoram,
ngati kuti makoswewo ndiwo anayamba.
Anayamba ndi maluwa.

Nsungwi za kuseri kwa nyumba
ndi zinzanga zobadwa nazo mvula imodzi.
Ine ndikukwawa, izo zinali timasamba tiwiri.
Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu
sizinadziwe duwa,
zimangoyenda pansi pa nthaka mwakachetechete
n’kutumphukira pamene zafuna,
mwana kutuluka m’nthiti mwa make
popanda mkamwini, popanda nkhoswe.
Ife n’kumathyola mphukira zanthete, kuphika,
zokhwima n’kumangira khoma, mlatho, lichero,
ngalande ya madzi,
chithatha chimene tinanyamulira amayi.

Ndiye Lachitatu lina Rinpuii, chitsiriziro changa,
akubwera ndi kanthambi m’manja.
Amayi, taonani, nsungwi yavala ndolo.

Ndinakapereka kwa bambo anga a Hrangkhuma,
maso awo anachita khungu kalekale.
Anasisita ngayaye zija ndi chala chachikulu,
ananunkhiza,
kenaka anafunsa kuti m’nkhokwe mwatsala madengu angati.

Usiku womwewo mlongo wanga Zaithanga
anaimba foni kuchokera ku Aizawl.
Chitsa chija anakumba kuno atangokwatira,
n’kuchibzala m’mgolo wodula pakati
pakhonde la nyumba ya lendi,
nacho chachita maluwa.
Anachiuza ndani?
Palibe muzu wodutsa mapiri onsewo.
Chinapita ndi chiwerengero chake m’mfundo
monga munthu amapita ndi tsiku lake.

Njuchi sizinaitanidwe.
Mphepo ndiyo inagwira ntchito yonse,
kukutumula mungu phiri ili, kukaupereka phiri ilo,
mpaka zovala pachingwe zinayera mbuu
ndipo ana m’kalasi ankangoyetsemula.
Zipatso zinatupa ngati mapeyala a mlomo wosongoka,
zina kutulutsa muzu zili m’mwamba momwemo,
changu cha mwana wodziwa
kuti make alibe mawa.
Usiku timamva thi! thi! m’nkhalango.

Amene anamva bwino ndi makoswe.
Anadya, anaswana, ana awo anaswananso
mwezi usanathe kukalamba,
ndipo zipatso zitatha anatembenukira kumunda.
Mpunga wa a Lalsangi unagona uli chiimire,
kutacha unali ziputu.
Tinatchera misampha mpaka zala zinatupa,
tinamanga michira m’mitolo ya makumi awiri.
Ine ndinabzala chikasu mmene munali mpunga.
Khoswe sachifuna,
koma mwana sangachidye n’kugona.

Ndinazikwiyira nsungwi, ndisaname.
Ndinazitema ndi chikwanje popanda chofuna kumanga.
Bambo anati usavutike, zafa kale,
zinathira zonse m’chipatso,
sizinasunge ngakhale tsamba.
Kubereka kochuluka chonchi
n’kuti wakuba akhute, atope,
imodzi itsale.

Tsopano phiri lonse layera ngati mutu wawo.
Masana mitengo youma imang’aluka yokha, phaa,
wina n’kuyesa mfuti.
Makoswe nawo ayamba kufa m’njira,
nthiti zili pamtunda.

Dzulo ndikufuna nkhuni kumunsi kwa Tlawng
ndinapeza imodzi yatsala.
Inagwera mumng’alu wa mwala
mmene dzino silinafike.
Timasamba tiwiri, tobiriwira mopanda manyazi.

Ndinawerenga pa zala, ndinasiya.
Ikadzavala ndolo iyi ine kulibe.
Rinpuii adzakhala wa imvi,
mwina adzakhala ataiwala kanthambi kaja.
Ndamuuza alembe chakachi
mkati mwa chivundikiro cha bokosi la zovala,
ndi mawu atatu okha:
sungani mpunga msanga.

Kambewuko ndakatchingira ndi lichero lakale,
loluka ndi make,
chifukwa cha mbuzi za a Lalsangi.