Ziwalo Zobwereka

Bokosilo lidagona zaka zisanu kunsi kwa bedi,
pomwe atate adalikankhira
chaka chija mphezi idayenda ndi waya
n'kutseka kashopu kawo kotaipa makalata pa Kamuzu Road.
Nditalitsegula ndi mpeni wodulira anyezi
mudatuluka fumbi, mapiko a mphemvu,
ndi kanyumba ka mavu kouma gwa.

Twaibu wokonza mafoni pa Kaphatenga
adanyamula bolodi, nainunkhiza ngati usipa wa dzana.
Iyi idapsa, chemwali, musadzivute.
Koma fani ikupuma. Hadi mwina.
Ramu imodzi mwa ziwirizi ili moyo,
sindikudziwa iti.
Zinazo mugule.

Ndidagula, pang'onopang'ono,
miyezi isanu ndi iwiri ndikugulitsa mayunitsi pa depoti.
Bolodi ya kaunjika idatsika ku Lilongwe pa minibasi
itakulungidwa m'chitenje cha achimwene,
kondakitala nailipiritsa ngati munthu wamiyendo.
Sikirini ndidaipeza ku Senga Bay, ku loji yomwe idagwa,
ili ndi mzere wobiriwira pakati
ngati mphini.
Kiyibodi ndidapatsidwa ulere
chifukwa idagweluka chilembo cha A.
Tangoganizani: A!
Mungalembe bwanji amayi, madzi, mawa?
Ndidamatapo batani la malaya a sukulu.

Loweruka, Okutobala, malata akulira ndi dzuwa,
ndidayala ziwalo pamphasa
monga amachitira ogawa nyama ya chipere ganyu.
Timasikuluwu m'chivindikiro cha mafuta odzola.
Purosesa ndi timano take tagolide
ndidaigwira mopuma theka,
thukuta likufuna kudonthera pomwe siliyenera.
Kaphala koziziritsa, kadontho ngati njere ya mpunga.
Waya uyu apa. Ayi, apo. Ayi, watembenuzika.
Chala chidachekeka pa lata la bokosi,
magazi pang'ono adatsala mkati momwemo.
Amayi pakhomo: Iwe Ndaziona,
usandiwotchere nyumba, ndi ya lendi.

Nditamanga sikuluwu yomaliza
magetsi adazima.

Ndidaseka. Kodi ndikadatani?
Ndidakhala nalo mumdima bokosilo
ngati wodikirira wodwala ku chipatala cha boma,
udzudzu ukundiyimbira m'khutu.

Adabwera cha m'ma thuu koloko,
babu la pakhonde lidandidzutsa.
Ndidadina.
Zii.
Ndidadinanso: pii, pii, pii,
kulira kwa mwanapiye wotayika.
Ndidazula ramu, n'kuipukuta ndi labala wa pensulo.
Pii, pii, pii.
Ndidayesa inzakeyo, ija ndidaikayikira,
kuikanikiza mpaka idati tha!

Fani ya atate idatsokomola fumbi,
idazengereza,
kenako idazungulira.

Sindidayembekeze kuti hadi ikumbuka.
Koma onse adali momwemo, pamzere:
kalata ya Nasibeko yofunsira ntchito kufakitale ya shuga,
dandaulo la a Mkwezalamba la malire a dimba,
chidziwitso cha sadaka,
satifiketi ya kwaya,
anthu a Salima ndi mavuto awo, zilembo zowongoka bwino.
Pansi penipeni, dzina langa.
Ndidatsegula.

Fizi ya Ndaziona.
Folomu wani, teremu yoyamba: ndalipira.
Yachiwiri: ndalipira.
Yachitatu: theka.
Mizere inayo adaijambula kale mpaka folomu folo,
ndipo kupitirira apo mzere wina
wolembedwa kuti koleji, ndi chizindikiro cha funso.
Mabokosi onse opanda kanthu.

Kamzere kakuda kankaphethira pamenepo,
kuphethira,
kudikira ngati sipadapite zaka.

Atambala a kwa aneba adayamba.
Amayi adatembenuka kuchipinda, bedi lidalira.
Ndidasendeza kiyibodi pamaondo,
ndidafufuta funso lija,
ndipo chala changa chachilonda
chidapeza batani la malaya a sukulu
n'kulemba liwu loyamba pa kompyuta yanga:

Atate.