Fumbi la ku Makanjira

Tinafika usiku, tambala woyamba asanalire.
Ndinangoimasula ku galimoto, kuika mwala kutayala,
n'kukagona ndi nsapato.
M'mawa uno ndiye ndaiona bwino:
kalavani yoyera ija ya madokotala a maso
yasanduka ng'ombe yofiira yogona pa Mpondasi.

Twaibu, tenga ndowa ziwiri.
Pampopi pakungotuluka mphepo,
thamangira ku mjigo wa kuseri kwa mzikiti,
ukawauze amayi pamzerepo kuti ndakutuma ndine.

Timayambira kudenga, mphwanga,
woyambira pansi amatsuka kawiri.
Ndakwera pamgolo, tsache ndamangirira kunsungwi,
ndikugwetsa masamba, zitosi za akhwangwala,
ndi chitsononkho cha chimanga.
Ndani anachiponya pamwamba pano?
Madzi oyamba akutsika ngati thobwa.
Iwe, usapukute pouma!
Mchenga umalemba papenti,
ndipo chimene walemba mchenga sichifufutika.

Fumbi lililonse ndikulidziwa kwawo.
Lofiira ili, lomata m'mphepete mwa zenera, n'la ku Namwera,
kumene tinakwera mtunda ndi giya wani, injini ikutsokomola.
Lotuwali n'la ku Makanjira:
masabata atatu, mzere wosatha,
ena atagwira ndodo, ena phewa la mwana.
Matope ouma kumatayalawa ndi a pa Lungwena
pamene anyamata asanu ndi awiri anatikankha
n'kulipidwa mabisiketi ndi zikomo.
Kutsogoloku ndiye kumanda:
agulugufe, ziwala, njuchi imodzi yathunthu.
Nyowetsa chiguduli, uchiyale pamenepo, uchisiye.
Zouma sizifuna mphamvu, zimafuna kudikira.

Sopo pang'ono chabe, wa mwezi uno ndi yemweyo.
Phula la pamsewu limamvera palafini.
M'mahinjesi lowetsamo mswachi wanga wakale uja,
mano anga anausiya, ntchito sunasiye.
Ukazulenso minga yakodwa pansipo,
koma chala chako uchibweze chonse.

Ndiye tazungulira kumbuyo.

Pansi pa nambala,
pamene wamkulu sangaone osawerama,
kachala kalemba m'fumbi:
NDAONA
N yachiwiri yayang'ana chammbuyo.
Pambali pake chikhatho, zala zisanu zotambasuka.

Twaibu akuti ndi dzina chabe,
kusukulu kwawo aliko a Ndaona atatu.
Mwina.
Koma ine ndikukumbukira kamtsikana ka ku Lulanga
kamene anakamasula bandeji Lachinayi m'mawa.
Sikanalire, sikanaseke,
kanangoyang'ana chitenje cha mayi ake nthawi yaitali
n'kufunsa: kodi maluwawa analipo kale?
Dzina lake sindinafunse.
Ine ndinali pambali, ndikupopa tayala.

Abwana afika thu koloko.
Akuifuna yoyera ngati mkanjo wa Lachisanu,
mawa kuli alendo, kuli zithunzi.
Ndaima, siponji m'manja,
madzi akutsetsereka mpaka kuchigongono,
thovu likuphwa lokha m'ndowa.
Malume, akutero Twaibu, dzuwa liumitsa sopo.

Ndatsuka mozungulira,
monga wapakhasu amalambalala dzungu lomera lokha pamzere.
Kumwamba mbee, kumbali mbee,
magalasi akubweza nkhope zathu zothimbirira,
katsala kachilumba kofiira kokwana mbale.
Abwana ali ndi msana wovuta, sawerama.
Wojambula amakonda kutsogolo, kuli dzina la bungwe.

Mvula yoyamba idzabwera, ndikudziwa,
idzatsuka popanda kufunsa munthu.
Umenewo udzakhala mlandu wa mvula.

Khuthula madzi otsalawo pa nthochi, Twaibu.
Yanika ziguduli pawaya.
Abakha a kwa Che Asiyatu afika kale,
akuswa milomo m'chithaphwi chathu,
akumwa Namwera, akumwa Lungwena,
ulendo wonse wa masabata atatu,
osatuluka n'komwe pampanda.