Nyenje Yagalasi

Sigele wabwera nayo atakulunga m'sokosi
kuchokera ku China, komwe amaphunzira zomanga milatho.
Kanyenje kobiriwira, kosaposa chala changa chaching'ono,
kozizira ngati m'mawa wa Juni kuno ku Dedza.
Ndakaluma ndi dzino. Mwana waseka:
"Ababa, ndi galasi limenelo.
Ndinagula pakhomo la nyumba yosungira zakale,
mtengo wake wa mabanzi asanu."

Akuti kale kwawoko, Yesu asanabadwe,
kunali mwala wotchedwa jedi
umene ankati umakaniza thupi kuwola.
Olemera ankausema ngati nyenje
n'kuyika pa lilime la womwalira,
poti nyenje imagona pansi zaka
kenako n'kutuluka ikulira.
Koma mwalawo unkadzera kutali, kuseri kwa zipululu,
ndipo pofika unali utadya mapazi a anthu ambiri.

Ndiye wina wa pang'anjo,
mnzanga amene sindidzamudziwa dzina,
anaona mikanda yamasomaso ya amalonda achilendo,
nailuma ngati ine.
Anatapa mchenga, anasungunula mtovu,
anasonkha moto mpaka nsidze kupserera,
natulutsa mwala umene phiri silinabale.
Wosowa jedi anapeza choyika pa lilime la bambo ake.

Ndakhala chete. Ndayang'ana manja anga.

Zaka makumi atatu ndikuotcha makapu ndi mbale.
Kubiriwira kumene alendo amakonda
ndimakupera kuchokera ku mabotolo
amene madalaivala a ku Beira amataya pachipata.
Mzungu wina anandifunsa ngati ndi mtundu wa makolo athu.
Ndinavomera, anali atatulutsa kale ndalama.
Dongo ndi la ku Linthipe, inde,
koma botolo ndi la Apwitikizi,
nkhuni ndi za paini, mtengo wobwera,
ngakhale kachewere amene ndadya masana
agogo a agogo anga sanamudziwe.
Chathu n'chiti? Mwina thukuta.

Sigele sadziwa za mikanda ya amayi ake.

Ndinaigula pa Lizulu ndisanakwatire,
tsidya la msewu, kumene amawerenga ndalama m'chinenero china.
Wogulitsa analumbira pali Mulungu
kuti ndi miyala ya ku India.
Ndinasiyapo ndowa ziwiri za kachewere ndi jekete.
Nangondo anaivala m'chiuno usiku womwewo.
Patapita mwezi umodzi unagwa pakhonde,
phwa!
Galasi.
Ndinafuna kukwera basi kukamugwira pakhosi munthu uja.
Iye anasesa tizidutswato, nati,
"Ndinadziwa tsiku lomwelo. Mwala sulira choncho.
Jekete lanu ndiye linali lenileni."

Anaivala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.
Ulusi unaduka kanayi, anatunganso kanayi.
Tsiku lija ku Bembeke
amayi osambitsa anatuluka nayo m'manja.
Ndinawapempha, ine mwamuna, ndili chogwada,
kuti aibwezere.
Chifunga chinali chitatsika phiri,
adzukulu ankaoneka ngati zitsa.

Tsono mwanawe, usandiuze kuti ichi n'chabodza.
Chofanizira cha chofanizira, ndamva,
cha m'fakitale, cha mabanzi asanu.
Koma wina anagwada kwawoko
ndi galasi m'manja,
pakamwa pa bambo ake pali yasa.

Usiku uno ndakanya dongo pang'ono.
Mapiko andivuta, mutu wachita ngati wa chiwala.
Mawa ndipera botolo.
Ikapsa ndikaisiya pa mtumbira,
Okutobala asanafike,
kuti anzake enieni akamadzalira m'mitengo ya masuku
adzapeze ina itakhala kale pansi,
yobiriwira,
ikudikira.