Ndalama Yosalira

Bambo anamwalira chisanu chili pakati,
misewu ya ku Goslar itafunda zoyera.
Sanasiye nyumba kapena galimoto.
Anasiya kabati ya madilowa khumi ndi awiri
opyapyala ngati mabuku,
momwe mafumu asiliva ankagona chagada
pansalu yofiira, aliyense m'kadzenje kake.

Ndili mwana sankalola kuti ndiwakhudze.
"Thukuta la chala limadya siliva, Edeltraud,"
ankatero atavala magolovesi oyera
ngati wonyamula bokosi la maliro.
Loweruka ankalawirira sitima
ya kumisika ya zinthu zakale,
n'kubwerako ndi kaenvulopu kamodzi
ndi nkhope ya munthu wodya kale.
Amayi akamawerenga ndalama ya buledi
iye ankawerenga ndevu za mfumu
pansi pa galasi lokuza zinthu.

Lolemba ndinapita nazo kwa a Kraushaar,
kaduka konunkha fumbi ndi khofi wozizira.
Anaziyika pasikelo imodziimodzi,
kenaka pansonga ya chala, n'kugogoda m'mphepete.
Ngwiii!
Siliva weniweni salira mwachidule,
amakoka mawu mpaka khutu litope.
"Iyi ya ku Bremen, onani kiyi wakeyu.
Iyi ya ku Prussia, chiwombankhanga chathothoka pachifuwa,
yadutsa m'manja ambiri."
Ankatchula mitengo osandiyang'ana.
Ine ndinkaona nsapato zimene sitinagule,
ndi denga lathu lodontha lija.

M'dilowa lomaliza munali imodzi yokha:
chimunthu cham'nkhalango, ubweya thupi lonse,
chitagwira mtengo ngati ndodo.
Anaigogoda.
Thi.
Anagogodanso. Thi, ngati mwala wagwera m'matope.
"Mtovu wopaka siliva uwu, mayi.
Apa pokha bambo anu anawadyera masuku pamutu."

Poichotsa, m'kadzenje munatsala kapepala
kopindidwa kanayi, inki itachita dzimbiri.
Dzanja lake lomwe lija, lopendekera kumanzere:
"Yabodza. Ndinadziwa ndisanafike pasiteshoni.
Ndinaigula m'mawa umene Edeltraud anabadwa.
Manja ankanjenjemera, sikelo ndinaiwala kunyumba.
Osasinthanitsa."

A Kraushaar anatsokomola,
n'kuyamba kupukuta galasi lomwe linali loyera kale.

Mafumu ndinawagulitsa onse, sindinama.
Ngongole ya manda siidikira,
ndipo ine sindidziwa kusiyanitsa Friedrich uyu ndi uyo.
Adzagona pansalu ya munthu wina,
nayenso adzakalipira ana ake.

Yabodzayo ili m'thumba la jasi langa
pamodzi ndi makiyi ndi matikiti akale a basi.
Ndimaigwira ndi chala chosavala kanthu.
Siliva wake akusupuka,
mphuno ya chimunthu chija yayamba kuda,
ndipo ndikaima pamlatho kudikira basi ya madzulo
nthawi zina ndimaigogoda ndi chikhadabo.
Siyankha.
Bambonso sankayankha kawirikawiri.